Nyemba Zipse Inu Muli ku Munda: Mafunso ndi Mayankho pa Mphika Wophika Pang'onopang'ono

Pakhomo pali ndiwo zimene zimadya nkhuni kuposa nsima. Nyemba, nzama, khobwe wouma, mang'ina ndi nkhuku yachikuda yokalamba sizipsa ndi moto wa changu, zimafuna maola. Maola amenewo ndi omwe munda ukufuna kupalira, fodya akudikira kusokedwa, mwana akuyenera kupita kusikelo. N'chifukwa chake anthu ayamba kufunsa za miphika yophika yokha, imene ena aiona m'masitolo a mu Lilongwe, ena pa Facebook, ena atumiziridwa ndi abale a ku Joni. Mafunso otsatirawa ndi amene banja la ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula kapena Nambuma lingadzifunse lisanatulutse ndalama. Muyeso wake ndi umodzi: mphika wodalirika ndi umene umamaliza ntchito mwini wake palibe, chakudya n'kukhala chosadwalitsa.

Kodi slow cooker ndi mphika wotani?

Ndi mphika wamagetsi wa zigawo zitatu. Kunja kuli chibekete chachitsulo chokhala ndi waya wotenthetsa. Mkati mumalowa mphika wolemera wa dothi lootcha losalala, ndipo pamwamba pamakhala chivundikiro chagalasi. Mphamvu yake ndi yochepa, mawati 150 mpaka 300, pamene hotipuleti imakoka 1,000 kapena kuposa. Kutentha kumakwera pang'onopang'ono mpaka kuyandikira powira madzi, nthunzi imagunda chivundikiro n'kugweranso mkati, motero msuzi suphwa ndipo ndiwo sizipserera. Pa Low nyama imafewa m'maola pafupifupi 8, pa High m'maola 4 kapena 5.

Anaupanga ndi Irving Naxon wa ku Chicago, amene analandira chiphaso cha luso lakelo mu 1940, ndipo anaupangira nyemba. Kampani ya Rival itagula bizinesi yake mu 1970, inautulutsa mu 1971 ndi dzina loti Crock-Pot. Unayenda malonda chifukwa amayi ambiri a ku America anali atayamba ntchito zolembedwa: ankatereka m'mawa, madzulo n'kupeza zapsa. Koma unapangidwira nyumba imene magetsi amayaka tsiku lonse osaphethira.

Nanga kwathu kuno ungathandize?

Yankho lili pa waya wa ESCOM. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Pa zophikira, mabanja oposa atatu mwa anayi aliwonse ankaphikira nkhuni, pafupifupi 18 pa 100 makala, ndipo a magetsi anali 2 okha pa 100. Mapolo awonjezeka kudzera mu pologalamu yofikitsa magetsi kumudzi ya MAREP, koma amatsata msewu, malo a malonda, zipatala, sukulu ndi zigayo. Pa Namitete, pa Nsaru kapena pa Mpingu mupeza nyumba zolumikizidwa. Mukangopatuka makilomita angapo, mfumu ya kukhitchini ndi mafuwa.

Olumikizidwawo nawo amadziwa kuthimathima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi ingapo. Chilala chikatsitsa madzi a m'nyanja ya Malawi, makina a pa Shire amafookanso. Choncho slow cooker ndi ya mabanja ochepa: mphunzitsi, namwino kapena wamalonda wa pa tawuni yaing'ono amene laini yake siithimathima. Kwa ambiri pali njira ina imene imagwira ntchito yomweyo popanda waya.

Magetsi akathima mphika uli pakati pa ntchito, chimachitika n'chiyani?

Apa ndi pamene slow cooker imafookera. Imatenga maola kuti chakudya chitenthe mokwanira, ndiye magetsi akathima pa ola lachiwiri, nyama imakhala m'madzi ofunda tsiku lonse. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira. Magetsi akabwera cha m'ma 3 koloko masana, mphika uja umapitiriza ngati palibe chachitika, inu n'kudzapeza ndiwo zooneka zakupsa, fungo labwinobwino. Vuto n'lakuti tizilombo tina timasiya poizoni amene satha ndi kuwiritsa.

Ngati muli pakhomo, samutsirani ndiwozo mu poto wina mumalizire pa mbaula nthawi yomweyo. Mphika wadothi wa mkatiwo musauike pamoto, umang'aluka. Ngati ndiwo zinali zitapsa kale magetsi asanathime, zingadikire mpaka maola awiri chivundikiro chili chotseka. Koma ngati munachokapo ndipo simukudziwa kuti magetsi anathima nthawi yanji, makamaka pa nyama, musaike banja pachiswe. Kutaya ndiwo kumawawa, koma kunyamula ana atatu otsekula m'mimba usiku kupita nawo ku chipatala cha Kabudula kapena cha St Gabriel's kumawawa koposa.

Ndili ndi sola ndi batire. Sizingayendetse mphika umenewu?

Tiwerengere limodzi. Mphika wa mawati 200 ukayaka maola 8 umadya mayuniti 1.6 a magetsi. Batire la 12V la 100Ah, lalikulu ndithu kwa ambiri, likadzaza limasunga mayuniti 1.2, ndipo ngati ndi la asidi muyenera kugwiritsa theka lokha kuti lisafe msanga. Mwatsala ndi 0.6, ndipo inveta idyapo yake. Mphika uja uyenda maola osakwana atatu, usiku n'kugona mumdima, mafoni osatchaja. Masana dzuwa likamawala mapanelo amathandiza, koma pamafunika mapanelo angapo akuluakulu, ndipo m'miyezi ya mitambo, Januwale ndi Febuluwale, mphamvu yake imatsika. Sola ya kapanelo kamodzi pa denga, yoyatsira mababu ndi wailesi, isiyireni ntchito yakeyo.

Ndiye wopanda magetsi achite chiyani?

Apange dengu losunga kutentha. Chimene chimapsetsa nyemba ndi kutentha kumene kuli m'madzi. Madzi akawira safika pena kuposa pamenepo, ngakhale musonkhezere bwanji. Nkhuni zonse zimene mumaika pambuyo pake zimangobwezera kutentha kumene kukuthawira m'mbali mwa poto, pa chivundikiro ndi mu nthunzi. Mukatseka njira zothawirazo, poto amapitiriza kuphika atachoka pamoto.

Nzeruyi si yachilendo. Agogo athu ankakwirira mbatata m'phulusa lamoto, kapena kusiya mphika wa nyemba pambali pa chikuni usiku wonse. Ku Ulaya bokosi lophikira lotere lochokera ku Norway linaonetsedwa pa chionetsero cha ku Paris mu 1867, ndipo pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse mabanja ankaika mapoto m'mabokosi odzaza udzu pofuna kusunga malasha. Ku South Africa, Sarah Collins anayambitsa thumba lotchedwa Wonderbag mu 2008, nthawi imene magetsi ankathimathima kumeneko. Ku Kenya amayi amaluka madengu otere n'kumagulitsa. Simufunika kuitanitsa kunja. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo: zipangizo zonse za dengu limeneli zili kuseri kwa nkhokwe yanu.

Dengulo limapangidwa bwanji?

Yambani ndi poto amene muziphikira, chifukwa dengu limatsata poto. Pezani dengu lansungwi lakuya, lalikulu moti poto akakhala pakati patsale mpata wa masentimita 10 pansi, m'mbali monse ndi pamwamba. Amenewo ndi pafupifupi kufutukuka kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Dengu likasowa, katoni yolimba kapena ndowa yobooka imagwira ntchito.

Chodzaza mumpatamo chikhale chopepuka, chouma gwa, chosunga mpweya mkati mwake. Dera lino lili ndi mwayi pamenepa. Makoko a mtedza amaunjikana m'makomo a ku Nsaru ndi ku Kabudula anthu akamaswa mtedza, mankhusu a soya amatayidwa, ndipo akalipentala a pa Namitete amakhala ndi utuchi ndi mapalapala a matabwa. Thonje, nsanza zodula tizidutswa, masamba ouma a nthochi, udzu wofewa kapena nyuzipepala zakale zofinya zonse zimathandiza. Yanikani padzuwa masiku angapo, chifukwa chonyowa chimaba kutentha ndipo chimachita nkhungu.

Pitani kwa telala ndi zitenje zakale, akusokereni mapilo atatu: lozungulira loyala pansi, lalitali lozinga m'mbali, ndi lochindikala lotsekera pamwamba. Lapamwambali ndilo lofunika kwambiri, poti kutentha kumathawira m'mwamba. Dzazani mapilowo mothina koma osasindikiza kwambiri. Kenako ikani poto wopanda kanthu pakati, mukankhire mapilo mpaka amugwire mbali zonse, pasatsale polowa dzanja. Nsalu yokhudza poto ikhale yathonje. Thumba la feteleza kapena nsalu yanayiloni imasungunuka ikakhudza poto wotentha.

Tsopano kaphikidwe kake?

Titenge nyemba. Madzulo zisankheni, muzitsuke, muziviike m'madzi ambiri usiku wonse. M'mamawa tayani madziwo, thirani atsopano ongopitirira nyemba ndi zala ziwiri. Musachulutse madzi, chifukwa m'dengu saphwa. Poto adzaze kufika magawo atatu mwa anayi: poto wodzaza amasunga kutentha, wa ndiwo za pansi pokha amazizira msanga. Terekani pamoto waukulu, ndipo zikayamba kubwata mwamphamvu werengani mphindi 30. Mphindi zisanu zomaliza musavundukule, kuti nthunzi idzaze mkati.

Dengu likhale pafupi, lotsegula kale. Phulani poto, yang'anani kunsi kwake kuti palibe khala lomatirira, mukulunge m'kansalu kakale koteteza mapilo ku mwaye, mulowetse, mutseke pilo lapamwamba mwachangu. Mukatero musasuzumire. Kuvundukula kamodzi kumataya kutentha kumene simungabwezerenso. Mukabwera kumunda patatha maola 4, chivundikiro chizikhala chotentha moti simungachigwire ndi dzanja, ndipo nyemba izifinyika pakati pa zala.

Zina nthawi yake ndi iyi. Mpunga: mphindi 5 pamoto, ola limodzi m'dengu. Mbatata, mbatatesi ndi maungu: mphindi 10 pamoto, ola limodzi kapena awiri. Nyama ya mbuzi kapena nkhuku yachikuda yodula nthuli zazing'ono: mphindi 30 pamoto, maola 3 mpaka 4. Nzama ndi chimanga chouma, zoviika: mphindi 30 mpaka 40, maola 4 mpaka 5. Mang'ina angafune kuwiritsidwa kachiwiri n'kubwezeredwa m'dengu. Mu Juni ndi Julayi, kukamazizira, onjezerani mphindi zingapo pamoto ndipo dengu likhale m'nyumba, posaomba mphepo.

Bwanji mukuumirira kuti nyemba ziyambe zabwata kwambiri?

Chifukwa nyemba zosapsa zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin. Amapezeka m'mitundu yambiri, koma amachuluka kwambiri mu nyemba zofiira zikuluzikulu. Nyemba zinayi kapena zisanu zokha zosapsa zikhoza kusanzitsa munthu ndi kumutsekula m'mimba pasanathe maola atatu. Kubwata kwenikweni kwa mphindi zosachepera 10 kumamuononga, ndipo akatswiri a chitetezo cha chakudya ku America amalangiza mphindi 30 kuti pasakhale chikaiko.

Pa mafuwa vutoli silioneka chifukwa nyemba zimabwata maola ambiri. Limabwera ndi slow cooker, imene pa Low ikhoza kukhala pa madigiri 80 osafika powira. Pa kutentha kotero nyemba zimafewa poizoni akadalimo. Choncho lamulo ndi limodzi kwa onse, a dengu ndi a magetsi omwe: viikani maola osachepera 5, tayani madzi, wiritsani mwamphamvu pamoto, kenako perekani kwa mphika wophika pang'onopang'ono. Zikhale Napilira, Kholophethe, Nanyati kapena zofiira za Phalombe, musadumphe sitepe imeneyi. Soya nayenso amafuna kuwiritsidwa mokwanira asanalowe m'dengu.

Nyemba zanga zimalimba ngakhale ndiphike tsiku lonse. Cholakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi ukalamba wa nyembazo. Zokololedwa mu Epulo n'kusungidwa m'thumba pamalo otentha ndi achinyezi zimauma mtima pofika Disembala, ndipo palibe mphika umene ungazifewetse msanga. Sungani nyemba zouma bwino, pamalo ozizira, m'chinthu chotseka. Pogula pamsika, zowala khungu ndi zatsopano, zakuda mtundu ndi zofota ndi zakale.

Chachiwiri ndi kukwera kwa dera lathu. Chigwa cha Lilongwe chili pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo pamenepa madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Kusiyanaku kumatalikitsa nthawi, ndiye mukawerenga malangizo olembedwa kumaiko a m'mphepete mwa nyanja, onjezeraniko.

Chachitatu ndi matimati. Chowawasa chilichonse chimalimbitsa khungu la nyemba, choncho matimati alowe nyemba zitafewa. Mchere ambiri amaunamizira. Supuni imodzi ya mchere m'madzi oviikira imathandiza kufewetsa. Soda kapena chidulo zimafewetsadi, koma zikachuluka zimaononga ena mwa mavitamini a gulu la B ndiponso zimasintha kukoma, ndiye kakhale kotsina chabe pa nyemba zakale zokha.

Chakudya chokhala maola onsewo m'dengu sichingasase?

Sichisasa malinga chikhale chotentha kuposa madigiri 60. Dengu lopangidwa bwino, poto wodzaza, limasunga kutentha kotero kwa maola 4 mpaka 6. Muyeso wa pakhomo ndi uwu: mukavundukula, nthunzi ituluke ndipo poto akhale wosagwirika. Mukapeza ndiwo zangofunda, ndiye kuti dengu likutaya kutentha kapena mwachedwa. Mulimonsemo, zolowerani kubwezera ndiwo pamoto zibwate mphindi zingapo musanagawe. Mpunga ndi nyama ndizo zofunika kusamala kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala.

Dengu si firiji. Ndiwo zotsala, zimene zalowamo chipande kangapo, musazibwezeremo kuti zigone. Phala la mwana wamng'ono liphikeni n'kumudyetsa nthawi yomweyo, kapena muliwiritsenso ngati linadikira. Mapilo aziyanikidwa padzuwa kawirikawiri chifukwa nthunzi imawanyowetsa, ndipo pilo lotayikira msuzi lichapidwe lisanaitane nyerere ndi makoswe. Ambiri samasuka kusiya ndiwo pamoto panja iwo kulibe, poopa ana, agalu ndi anthu a mtima woipa. Dengu lilibe lawi, ndiye limalowa m'nyumba, inu n'kukhoma chitseko.

Poto woyenera ndi wotani? Nanga mphika wadothi?

Sankhani poto wochindikala, wa chivundikiro chokwana bwino, wa makutu aafupi. Wa chigwiriro chachitali salowa m'dengu. Sefuliya yopyapyala yovundikira mbale imataya nthunzi. Poto wachitsulo wolemera wa miyendo itatu amasunga kutentha kwambiri, kungoti miyendoyo imaboola pilo, ndiye yalani kathabwa pansi. Mphika wadothi ndi wabwino, koma dothi limachedwa kutentha, choncho uwiritseni nthawi yotalikirapo ndipo mupeze chovundikira chogwira pakamwa ponse. Samalani ndi mapoto osungunula kuchokera ku zitsulo zakutha zosadziwika. Kafukufuku m'maiko angapo a mu Africa anapeza kuti ena amatulutsa mtovu, umene umaononga ubongo wa ana, makamaka ndiwo zowawasa zikakhalitsamo.

Mnzake wa dengu ndi Chitetezo Mbaula, mbaula yadothi lootcha imene magulu a amayi amaumba m'maboma ambiri. Mu 2013, nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda, boma linalengeza cholinga choti mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo Chitetezo ndiyo inafala kwambiri. Imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni poyerekeza ndi mafuwa, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi. Pogula igogodeni ndi chala: yootcha bwino imalira ngwee, yosapsa kapena yamng'alu imalira mogontha. Onaninso kuti pokhalira poto ndi polingana.

Ine magetsi ndili nawo. Ndigule slow cooker kapena pressure cooker yamagetsi?

Pa magetsi athuwa, pressure cooker ndiyo yanzeru. Imatsekera nthunzi mkati mpaka kutentha kupitirira madigiri 110, motero nyemba zoviika zimapsa pafupifupi mu ola limodzi, poizoni uja n'kutheratu. Imalembedwa mawati 1,000, koma waya wake umazima wokha nthunzi ikakwana, n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Poto wa nyemba sadya yuniti yathunthu, pamene slow cooker ya maola 8 imapitirira yuniti imodzi ndi theka. Chachikulu n'chakuti imafuna magetsi a ola limodzi m'malo mwa maola 8. Mukhoza kuphika m'mawa musanapite kuntchito, ndipo magetsi akathima nthunzi itakwana kale, imapitirizabe kuphika kwa kanthawi. Zambiri zili ndi batani la Slow Cook ndi la Keep Warm.

Ili ndi zofuna zake. Ndi yokwera mtengo, labala ya pa chivundikiro imatha ndipo muyenera kudziwa kokagula ina. Kabowo kotulukira nthunzi kazitsukidwa nthawi zonse. Nyemba zisapitirire theka la poto chifukwa zimafufuma ndi kuchita thovu. Chivundikiro chisakakamizidwe kutseguka nthunzi isanathe, ndipo ana asayandikire pamene mukuitulutsa. Slow cooker ili ndi mwayi wake: ndi yotsika mtengo, ilibe zambiri zoonongeka, ndipo siilemetsa waya wa m'nyumba.

Ngati ndasankha slow cooker, pogula ndiyang'ane chiyani?

Choyamba kukula. Banja la m'Malawi, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi anthu 4 kapena 5. Mphika wa malita 3.5 umakwanira anthu atatu kapena anayi, wa malita 6 anthu asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu. Umaphika bwino ukadzaza pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu, ndiye musagule waukulu kwambiri poganizira alendo a pa Khirisimasi.

Chachiwiri, sankhani wa kabatani kopotokola ndi dzanja. Wa manambala owala nthawi zambiri umaiwala zonse magetsi akangophethira, ndipo umavutika ndi magetsi obwera mwamphamvu. Chachitatu, tembenuzani muwerenge kunsi. Magetsi athu ndi a 230V. Wochokera ku America wolembedwa 120V umapsa tsiku loyamba. Wa ku Britain umalowa m'soketi mwathu momwemo. Wa ku South Africa mphamvu ndi yofanana, koma pulagi yake ndi ya mano obulungira: wamagetsi akuikireni ya mano atatu afulati yokhala ndi fyuzi, osati kusomeka mawaya ndi timitengo.

Tulutsani mphika wa mkati muuyang'ane powala. Ukhale wopanda mng'alu, ndipo chivundikiro chisagwedere. Funsani kuti auyatse muone. Tengani lisiti ndi chikalata cha waranti. Lamulo silimulola wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wofika ali woonongeka, ndipo madandaulo otere amapita ku Competition and Fair Trading Commission. Mukafika kunyumba, makamaka ngati ndi wakaunjika, uyeseni ndi madzi okha: thirani kupitirira theka, muyatse pa Low maola 8. Madziwo afike madigiri 85. Popanda choyezera, muone timathovu tikukwera m'mbali ndi nthunzi yambiri. Akangofunda, musaphikiremo nyama. Kumbukiraninso kuti mphika wa mkati ukatentha suthiridwa madzi ozizira, nyama youma ndi chisanu cha mufiriji iyambe yasungunuka, ndipo ndiwo zogona sizitenthetsedwa mu slow cooker.

N'chiyani chimene sichiphikika mwa njira imeneyi? Nanga kukoma sikusintha?

Nsima ayi. Imafuna moto, mthiko ndi mkono, ngakhale dengu likhoza kuisunga yotentha kudikira ana ochokera kusukulu. Nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru ndi therere zimapsa m'mphindi zochepa, ndipo zikakhalitsa zimataya mtundu ndi zofunika m'thupi. Usipa, mazira ndi zokazinga zonse ndi za pamoto.

Pa kukoma, dandaulo lenileni ndi msuzi. Popeza madzi saphwa, nyemba za m'dengu zimatuluka zathunthu, msuzi uli wamadzimadzi, ndipo abambo ozolowera msuzi wogwira pa mbamu amazindikira msanga. Mankhwala ake ndi mphindi 10 zomaliza. Kazingani anyezi ndi matimati, thiranimo nyemba, kanyani zina ndi chipande, zibwate poto ali wovundukula mpaka msuzi ulemere. Nsinjiro nazonso zilowe pamenepa. Nyama muyambe mwaikazinga ifiire isanathiridwe madzi. Moto umenewu ndi womwe muphikirenso nsima, ndiye palibe nkhuni zapadera.

Kodi phindu lake ndi lalikulu moti munthu n'kuvutikira?

Werengani nokha. Nyemba zosaviika zimakhala pamoto maola atatu kapena kuposa. Zoviika, zomalizira m'dengu, zimafuna mphindi 30 poyamba ndi 10 pomaliza. Banja lodya nyemba kawiri kapena katatu pa sabata liona mtolo wa nkhuni ukukhalitsa. Mabanja ena anachepetsa kudya nyemba chifukwa cha nkhuni, chonsecho nyemba ndi zimene zimapatsa ana zomanga thupi ndi ayironi pamene nyama ili yodula. Akatswiri ofufuza zaulimi a pa Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji pomwepa, akhala akutulutsa mbewu za nyemba zabwino kwa zaka zambiri, koma phindu lake limafika m'thupi nyembazo zikaphikidwa.

Mitengo m'dera lino yatha ndi zigafa za fodya, njerwa ndi kuphika. Makala a mu mzinda akhala akuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama, gwero la mtsinje wa Lilongwe, mpaka mu 2015 asilikali anatumizidwa kukailondera. Palinso utsi. Bungwe la World Health Organization linati mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anamwalira ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba. Maola awiri ochotsedwa pamoto ndi maola awiri amene mayi ndi mwana wa kumsana sakupuma utsi, ndipo kamwana koyenda sikakuzungulira poto wowira.

Ndiyambire pati?

Musagule kanthu kaye. Tsiku limene muli pakhomo, viikani nyemba, muziwiritse mphindi 30, mukulunge poto m'mabulangete awiri, mumuike m'katoni, mutseke. Patatha maola 4 vundukulani. Zikafewa ndipo poto akadali wosagwirika, mwaona nokha, pitani kwa woluka madengu ndi kwa telala. Zikalimba, onani ngati poto anali wodzaza, chivundikiro chinali chokwana, kapena nyembazo zinali zakale, kenako muyesenso. A magetsi nawonso ayambe ndi dengu, chifukwa lidzawathandiza tsiku limene laini yagwa, kenako asunge ndalama ya pressure cooker. Kwa ena onse, ndalama imene ikanapita ku mphika wa pulagi igule poto wolemera wa chivundikiro chabwino ndi Chitetezo Mbaula imodzi.